Uthenga Wopanda Mthenga

Pa zinthu zonse zachilendo zimene zafika m'dziko muno m'zaka makumi atatu zapitazi, palibe chimene chalowa m'nyumba zochuluka, ndi kugawa maganizo a eni nyumbazo, koposa foni ya m'manja. Munthu akakhala patsinde pa mtengo pamene madoda akusewera bawo, kapena akakwera minibasi yochokera ku Limbe kunka ku Mulanje, kapena akaima pamjigo pamene amayi akudikirana kutunga, sipapita nthawi asanamve mlandu wa foni ukuzengedwa, ndipo oweruza ake sagwirizana. Agogo amati yawononga ana, pakuti mwana wa lero amapereka moni maso ali pafoni. Mayi wogulitsa tomato amati popanda iyo geni yake ikadagwa kalekale. Bambo wina amati yapasula mabanja ochuluka kuposa amene mowa udapasula. Ndipo mnyamata wa kabaza amangowaseka onsewo, chifukwa kwa iye foni ndiyo imamuitanira anthu oti anyamule. Aliyense wa iwo akunena zoona monga mwa chimene foniyo idamufikitsira pakhomo pake, ndipo ine sindifuna kukhala mfumu ya mlandu wawo. Chimene ndifuna kuti tilingalire pamodzi ndi chinthu chimene chagona pansi pa madandaulo awo ndi matamando awo omwe, ngakhale sachitchula kawirikawiri, ndicho chakuti kale uthenga uliwonse unkadza ndi mthenga, munthu wa nkhope ndi dzina, pamene lero uthenga ukufika wokha.

Amene adakulira kumudzi akumbukira mmene mbiri ya maliro inkayendera. Munthu akatsirizika, akuluakulu a pabanjapo ankayamba aletsa kulira kufikira mfumu itamva, ndipo mfumu ikavomera, m'pamene anyamata ankatumidwa, wina kuchimuna, wina kuchikazi, wina kutsidya la mtsinje kumene kudakwatiwa mlongo wake wa malemuyo. Mthengayo akafika pakhomo sankafuula ali chiimire; ankakhala pansi, nalandira moni, nayamba wafunsa ngati alipo wamkulu woti amuuze, ndipo mawu ake ankawayeza, kotero kuti kwa nkhalamba yodwaladwala ankangoti matenda akula, tiyeni mukaone, ngakhale iye mwini akudziwa kuti mtembo wagona kale pamphasa. M'mwambo umenewu mudali chifundo, pakuti wolandira mbiri yoipa sankailandira ali yekha. Mudalinso chitetezo, pakuti mthenga wonama ankadziwika kuti ndi mwana wa yani, ndipo bodza lake likadamutsata kufikira pabwalo. Makolo athu sadali ogona. Ankadziwa bwino lomwe kuti wotumidwa akhoza kupotoza mawu, n'chifukwa chake adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Koma kandimvererewo ankatha kumuitana, kumukhazika pansi ndi kumufunsa kuti anene bwino amene adamtuma.

Pamene amuna adayamba kupita ku migodi ya ku Johannesburg pa Wenela, ena ku minda ya azungu ku Southern Rhodesia, mtunda udakula koposa umene miyendo ya mnyamata ikadatha, ndipo kalata idalowa m'malo mwake. Komabe kalatayo inkadza ndi malembedwe a mwini wake, ndipo popeza ambiri sankadziwa kuwerenga, ankapita nayo kwa aphunzitsi kapena kwa mkulu wa mpingo, amene ankaiwerenga mokweza pamaso pa banja lonse, nakhala mboni ya zolembedwamo. Pambuyo pake wailesi ya MBC idathandizako, ndipo nyumba yonse inkati zii nthawi ya mauthenga achisoni, aliyense kutchera khutu ngati dzina la mudzi wake litchulidwe. Koma asatinamize munthu kuti masiku amenewo adali okoma m'zonse. Kalata inkachedwa milungu, pena miyezi. Ena mwa amene adapita sadalembe konse, nasanduka machona, akazi awo osadziwa ngati ali pabanja kapena ali amasiye. Ndipo ambiri adafika kwawo napeza manda a amayi awo atamera kale udzu. Aliyense wodzudzula foni ayambe wakumbukira zimenezi.

Foni ya m'manja idafika kuno mu 1995 pamene kampani ya TNM idatsegula netiweki yoyamba, ndipo mu 1999 kudabwera Celtel, imene idasintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Poyamba idali ya mabwana a m'tauni, oikoleka palamba kuti onse aione, ndipo ife ena tinkakaima pamzere pa timatebulo ta m'misika, pamene mtsikana ankawerenga mphindi za kulankhula kwako ndi kukulipiritsa. Idatsika mtengo pang'onopang'ono kufikira timafoni tija anthu adatipatsa dzina loti Mose wa lero, ndipo pamodzi nato padadza luso la kuflasha, lakuti wosauka aliza foni ya wopata kamodzi kokha nadula, kuti mwini mayunitsi ndiye aimbe. Pofika pa kalembera wa 2018, pafupifupi theka la mabanja a m'dziko muno adali ndi foni ya m'manja, pamene magetsi a ESCOM ankaunikira pafupifupi banja limodzi lokha mwa mabanja khumi alionse. Ziwerengero ziwirizi zikaikidwa pamodzi zimamasulira chinthu chimene aliyense woyenda m'misika ya kumidzi wachiona ndi maso: kagolosale kamene kali ndi sola padenga ndi batire pansi pa kauntala, mafoni makumi awiri atandandalika pathabwa, iliyonse atayimata kapepala ka dzina la mwini wake, ndipo eni akewo atapita kukagula mchere ndi sopo podikira kuti moto udzaze. Zimamasuliranso chifukwa chake mafoni a itel ndi Tecno, opangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen m'dziko la China, adagonjetsa mayina akuluakulu m'misika yathu: eni ake adazindikira kuti munthu wa kuno amafuna batire losunga moto masiku angapo ndi malo a makadi awiri, kuti aziimba pa netiweki iliyonse imene yatsika mtengo kapena imene ikugwira kumene iye ali.

Komatu chimene chidasandutsa foni kukhala chiwalo cha banja ndi ndalama. Nzeruyi idayambira ku Kenya, kumene kampani ya Safaricom idakhazikitsa M-Pesa mu 2007. Kwathu kuno Airtel Money idayamba mu 2012, ndipo Mpamba wa TNM adatsatira mu 2013. Izi zisanadze, mwana wogwira ntchito ku Lilongwe akafuna kutumiza ya feteleza kwa makolo ake ku Ntchisi, ankayembekeza mnansi wopita kumudzi, kapena kupatsira kondakitala wa basi, mtima uli m'mwamba kufikira atamva kuti zafika, ndipo sizinkafika zonse nthawi zonse. Lero amangodina manambala angapo ali chikhalire, ndipo asanaike foni m'thumba, ya amayi ake yalira kale. Amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town amatumiza kudzera ku makampani monga Mukuru, ndipo nyumba zambiri za malata zimene zamera ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay zidadzera njira imeneyi, khobidi ndi khobidi.

Taimani kanthawi pa kanyumba ka ejenti, kofiira kapena kobiriwira monga mwa kampani yake, muone mmene ntchitoyi imayendera. Mayi wachikulire afika, amasula mfundo ya pansonga ya chitenje, atulutsa kafoni ka mabatani kofufutika manambala, napereka kwa mtsikana wa m'kanyumbamo.

"Mwanangu, taona ngati achimwene ako atumiza."

"Zalowa, amayi. Mutapa zonse, kapena zina zitsale?"

"Zonse, mwanangu, kuli ngongole ya banki m'khonde."

Mtsikanayo alemba nambala ndi kuchuluka kwa ndalama m'kabuku kake, abweza foni kuti mayiyo aikemo nambala yake yachinsinsi, ndipo uthenga wotsimikizira ukalira m'mafoni onse awiri, awerenga ndalamazo poyera, kamodzi pathabwa, kachiwiri m'manja mwa mwini wake. Tsiku lina mayi yemweyo adzabwezedwa chifukwa ndalama zogwirika zamuthera ejenti, ndipo wofuna kuika ndalama adzabwezedwa chifukwa floti yatha, pakuti ejenti sangaike m'foni mwa munthu zoposa zimene iye mwini adagula kale ku kampani. Ambiri amaganiza kuti ndalamazo zimakhala m'kati mwa foni, ndipo foni ikagwera m'madzi amalira ngati chuma chapita. Koma sizili tero. Chimene chili m'foni ndi chiwerengero chabe, ndipo kwacha iliyonse yolembedwa pamenepo ili ndi inzake yeniyeni yosungidwa ku banki, m'thumba lapadera limene kampani siloledwa kulisakaniza ndi chuma chake, pansi pa malamulo a Reserve Bank of Malawi. Foni ikatayika, mwini wake akhoza kupita ndi chiphaso chake kukatenga khadi lina la nambala yomweyo, napeza ndalama zake zili chikhalire. Chimene chimatsegula nkhokweyo ndi manambala achinsinsi aja, amene anthu amati pini, ndipo amene wawadziwa ndiye mwini nkhokwe, kaya ndalamazo adazikhetsera thukuta kaya ayi.

Apa m'pamene akuba adapezera khomo. Palibe mwini foni m'dziko muno amene sadalandirepo uthenga kapena kuimbiridwa ndi munthu wa mawu aulemu, wodziwa kupereka moni koposa ana athu omwe. Wina amati, "Amayi, ndikuimba kuchokera ku ofesi, dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo, koma mutumize kaye kangachepe kuti tikulembeni m'kaundula." Wina amati, "Pepani achimwene, ndatumiza ndalama pa nambala yanu molakwitsa, zinali za mwana amene ali m'chipatala, chonde ndibwezereni," ndipo ndithudi m'fonimo mumakhala mutalowa uthenga wooneka ngati wa kampani, umene ukauyang'anitsitsa upeza kuti wachokera pa nambala wamba, ndipo ukafunsa ndalama zotsala upeza kuti sipadalowe kanthu. Wina amadzitcha mphunzitsi, nati mwana wanu wakomoka kusukulu. Wina amadzitcha wogwira ntchito ku kampani ya foni, napempha pini kuti akonze vuto limene kulibe. Apolisi akhala akunena poyera kuti ambiri mwa mafoni otere amaimbidwa kuchokera m'ndende, makamaka ya Zomba, ndi anthu amene ali kale m'manja mwa boma. Mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo tidayembekeza kuti mbava zisowa pobisala. Koma mbava idaphunzira kulembetsa khadi ndi chiphaso cha munthu wina, pena cha nkhalamba ya kumudzi imene sidziwa n'komwe kuti dzina lake likuba m'tauni.

Ndimamva chisoni ndikamva anthu akuseka wobedwa motere, namunena kuti ndi wopepera kapena wadyera. Ena dyera lidawagwetsadi, koma ambiri adagwa chifukwa cha ulemu umene adaleredwa nawo. Tidaphunzitsidwa kuti mlendo sumupanikiza ndi mafunso asanapume, kuti wamkulu akamalankhula sumudula mawu, kuti mnzako akalira za mwana wodwala suyamba wafuna umboni. Ndipo makhalidwe amenewa adali abwino ndi otetezeka m'mudzi, mmene mlendoyo ankaoneka nkhope, ndipo wina ankadziwa kwawo. Wakuba wa pafoni amaba ndi makhalidwe athu omwewo. Amadziwa kuti mayi woopa Mulungu sangasunge ndalama ya mwini, ndipo amamufulumizitsa kuti abweze asanaganize. Amadziwa kuti kholo likamva za mwana silikhala pansi kuwerengera. Chotero nkoyenera kuti tiwauze makolo athu momveka, ndi mobwerezabwereza, kuti pafoni kudula munthu mawu si mwano, kuti kunena kuti ndiyamba ndafunsa si chipongwe, ndi kuti palibe wa kampani, wa banki kapena wa boma amene ali ndi chifukwa chofunsira pini ya munthu. Akale adati safunsa adadya phula, ndipo mwambiwu sudagwirepo ntchito yaikulu ngati imene uli nayo lero.

Za WhatsApp ndiye zimagawa anthu koposa. Adaiyambitsa ndi Jan Koum ndi Brian Acton ku California mu 2009, ndipo kampani ya Facebook idaigula mu 2014. Koma chimene chidaikondetsa kwathu kuno, m'kuona kwanga, ndi mwayi wotumiza mawu a pakamwa. M'dziko limene kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse sadziwa kulemba ndi kuwerenga, chinthu chimene chimalola agogo kulankhula m'chinenero chawo, ndi mikuluwiko yawo, ndi kupuma kwawo komwe, kuti mdzukulu wawo wa ku Leeds kapena ku Bulawayo akamve liwu lawo lenileni, ndi mphatso yaikulu. Magulu a pa WhatsApp atenganso ntchito zimene kale zinkafuna kuyenda khomo ndi khomo. Pali gulu la banja, la mpingo, la amayi a chigwirizano, la amene adaphunzira sukulu imodzi, la ochokera mudzi umodzi okhala m'tauni. Ndipo maliro akagwa, pasanathe ola mndandanda wa chipepeso wayamba kale, dzina ndi ndalama, dzina ndi ndalama, msungichuma akulemba poyera kuti pasakhale wonena kuti zake zidasowa. Mitembo yambiri ya abale athu ofera ku South Africa yafika kwawo chifukwa cha mindandanda yotere. Maliro n'kulirana, ndipo foni yakulitsa bwalo la olirana kufikira kutsidya la nyanja.

Koma pa maliro pomwepo m'pamene ndaona chinthu chimene chimandiwawa koposa zonse. Ngozi ikachitika pamsewu, oyamba kufika ambiri satulutsa chitenje kuti afunditse wovulala, amatulutsa foni. Zithunzi za galimoto lophwanyika, nambala yake ikuoneka, ndi za anthu ali ngundangunda m'mbali mwa msewu, zimayenda m'magulu apolisi asanafike, ndipo pena mayi amene akuphika nsima kunyumba, potsegula foni kuti aone za mpingo, amazindikira malaya amene mwana wake adavala m'mawa. Palibe amene wamukhazika pansi, palibe womugwira paphewa, palibe woyeza mawu. Enanso amathamangira kulemba pa Facebook kuti uje watisiya, ndi chithunzi chake, mkazi wake asanauzidwe, ngati kuti pali mphotho ya woyamba kulengeza imfa ya mwini. Amene amachita zimenezi si anthu oipa mtima. Ambiri amaganiza kuti akuthandiza. Koma atenga ntchito ya mthenga osalandira mwambo wa mthenga, ndipo chilonda chimene amasiya mumtima mwa wofedwa sichipola msanga. Ndaona magulu ena a mabanja ndi a mipingo ataika lamulo lakuti imfa isalembedwe pagulu kufikira mwini mbumba kapena mkulu wa mpingo atanena kuti oyenera kumva amva, ndipo wophwanya lamuloli amadzudzulidwa pamaso pa onse. Ndikadakonda lamulo limeneli likadafika m'gulu lililonse.

Mphekesera nazo zapeza miyendo yatsopano, ngakhale kuti foni sindiyo idazibala. Nkhani ya anamapopa idavuta m'maboma a kummwera chakumapeto kwa 2002, nthawi ya njala, mafoni ali ochepa ndithu. Ndipo pamene idabukanso mu 2017 ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, anthu angapo osalakwa naphedwa ndi magulu a anthu olusa, bungwe la United Nations nkuchotsako antchito ake kwa kanthawi, muzu wake udali mantha akale omwe aja. Chimene chasintha ndi liwiro, ndiponso kusowa kwa mwini mawu. Kale wofalitsa bodza ankati ndamva kwa uje, ndipo mfumu inkatha kutsata mawuwo khomo ndi khomo kufikira pamene adabadwira. Lero liwu la munthu wosadziwika, wodzitcha dokotala kapena msilikali kapena mneneri, limalowa m'mafoni zikwizikwi usiku umodzi, ndipo aliyense wolitumiza amasamba m'manja nati ine ndangopatsira. Tidaziona nthawi ya Covid-19, pamene mauthenga onena kuti katemera amaumitsa kubereka, kapena kuti ndi chizindikiro cha chilombo, adabweza anthu ambiri pakhomo la chipatala. Ndipo mu May 2021 boma lidatentha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 amene adapitirira nthawi yake asanabayidwe, pamaso pa atolankhani, kuti anthu akhulupirire kuti sadzapatsidwa mankhwala otha mphamvu.

Eni ake a WhatsApp akulidziwa vutoli. Ku India, mu 2018, anthu ambiri adaphedwa chifukwa cha mauthenga abodza onena za akuba ana, ndipo kampaniyo idachepetsa malo amene munthu angapatsireko uthenga umodzi pa nthawi imodzi kuti akhale asanu okha, lamulo limene lidafalikira dziko lonse lapansi mu 2019. Idayambanso kuika chizindikiro pamwamba pa uthenga wongopatsirana, kuti wolandira adziwe kuti wotumizayo sindiye adaulemba. Kupitirira apo mphamvu zake n'zochepa, pakuti kuyambira 2016 mauthenga a pa WhatsApp amatsekedwa mwa njira yakuti ngakhale kampaniyo singawawerenge, koma wotumiza ndi wolandira okha. Chitseko chimenechi ndi chabwino, chifukwa chimateteza zinsinsi za banja ndi za odzudzula olamulira. Koma chimatanthauzanso kuti m'gulumo mulibe nyakwawa ina yoposa anthu a m'gulu momwemo. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 loona za mauthenga ndi malonda a pa intaneti, ndipo anthu ena amangidwapo nalo, ngakhale kuti ambiri akudandaula, ndipo ine ndigwirizana nawo, kuti lamulo lotere limafulumira kugwira wonyoza wamkulu koposa wonamiza mudzi. Mphamvu yeniyeni ili mwa munthu mmodzi wolimba mtima pagulupo, amene uthenga woopsa ukafika amafunsa mwaulemu kuti, "Atsibweni, zimenezi wanena ndani, ndipo zachitikira kuti?" Funso limeneli limaoneka laling'ono, ndipo pena limakwiyitsa akuluakulu, koma ndaona mabodza ambiri akufera pomwepo.

Sindinganene zambiri za mtengo wa bandulo, imene imatha nthawi yake munthu asanaimalize, kapena za juga ya pafoni ya kandege kaja kamene kadya malipiro a anyamata ambiri ali chigonere pamphasa, pakuti zimenezi n'zofuna nkhani yakeyake. Walira mvula walira matope, ndipo matope a foni ndi ambiri. Koma pali umboni wakuti uthenga ukakhala ndi mwini wake wodziwika, foni yomweyo imapulumutsa moyo. Mu 2011 bungwe la VillageReach, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, lidayambitsa ku Balaka ntchito yotchedwa Chipatala cha pa Foni, yakuti mayi woyembekezera kapena wa mwana wodwala aimbe ulere pa nambala yapadera ndi kulankhula ndi wazaumoyo wophunzitsidwa, amene amamuuza ngati nkoyenera kuthamangira kuchipatala usiku womwewo kapena ayi. Ntchitoyi idakula kufikira dziko lonse, ndipo tsopano ili m'manja mwa boma. Kusiyana kwake ndi liwu lija la dokotala wosadziwika wa pa WhatsApp n'koonekeratu: kuno kuli nambala yodziwika, ofesi yodziwika, ndi munthu amene akalangiza molakwa akhoza kufunsidwa. Ejenti wa pamsika naye amakhulupirika pa chifukwa chomwecho, pakuti mawa adzapezeka pomwepo, ndipo amayi ake amadziwika.

Otsala m'mbuyo pa ulendowu ndiwo amandidetsa nkhawa, makamaka okalamba ndi amayi a kumidzi, amene ambiri a iwo foni imene amati yawo imakhala m'thumba la mwamuna kapena la mwana. Kwa agogo amene maso adachita chidima, ndipo sukulu sadapiteko, uthenga wa ndalama umafika m'zilembo zing'onozing'ono, kawirikawiri m'Chingerezi, ndipo palibe chimene angachite koma kuitana mdzukulu. "Iwe, tabwera udzandionere, yalira." Mdzukuluyo ndiye amawerenga, ndiye amasunga pini pamtima, ndiye amapalasa njinga kupita kwa ejenti, ndipo ndiye amanena kuti zabwera zingati. Taonani, mthenga wabwereranso pakhomo la agogo, koma wabwera ndi mphamvu imene mthenga wakale adalibe, chifukwa kalata ija inkawerengedwa pamaso pa banja lonse, pamene foni imawerengedwa ndi munthu mmodzi kuseri kwa nyumba. Adzukulu ambiri ndi okhulupirika, ndipo akusenza mtolo umenewu popanda wowathokoza. Koma alipo ena amene amadulako ya mayunitsi, mawa ya kandege, kufikira agogo akudabwa kuti mwana wawo wa kutauni wayamba kuumira, mwana wa kutauniyo naye akudabwa kuti amayi ake sayamika, ndipo udani umamera pakati pa anthu awiri amene sadalakwirane.

Mankhwala a vutoli ali pafupi, ndipo mbali ina ali m'manja mwathu. Wotumiza ndalama asalekere pa kudina manambala. Aimbe, alankhule ndi mwini wake pakamwa, atchule kuchuluka kwake momveka, ndipo ngati nkotheka pakhale munthu wachiwiri pakhomopo amene wamva. Mbali ina ili kwa makampani ndi kwa MACRA. Foni imene imatha kunyamula liwu la agogo kufikira ku Leeds singalephere kuwauza agogo omwewo, ndi mawu a pakamwa, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe kapena m'Chisena, kuti alandira ndalama zakutizakuti kuchokera kwa uje, ndipo zatsala zakutizakuti. Luso lake lilipo kale, pakuti makampani omwewo amatiimbira ndi mawu ojambulidwa akafuna kutitsatsa malonda awo, ndipo ndalama zimene amadula pa kutumiza ndi pa kutapa kulikonse n'zokwanira kulipirira ntchito yotere.